Kwa mlongo amene wafunsa ngati munthu angakalambire m'gulu la zisudzo losalipira

Achemwali, mwafunsa ngati n'zotheka munthu kukhala m'gulu la zisudzo la m'dera mpaka kukalamba pomwe palibe malipiro, ndipo mwati mtima wayamba kugwa chifukwa m'masewero awiri otsatizana mwapatsidwa gawo la mawu ochepa. N'zotheka ndithu. Ine ndinalowa gulu lathu ndili kamtsikana, lero kumutu kuli mbuu ndi imvi, koma tsiku la pulakatisi likakwana mudzandipeza komweko.

Pa zaka zonsezi ndaona kuti amene amabwera chifukwa chofuna gawo lalikulu sakhalitsa. Amawala m'sewero limodzi kapena awiri, kenako gawolo likapita kwa wina amayamba kujomba, mapeto ake timangomva kuti atanganidwa. Amene amakhalitsa ndi aja amakonda sewero lonse, kuyambira tsiku loyamba lowerenga mawu mpaka usiku womaliza pamene tikupinda makatani ndi kubweza mipando. Chifukwa chake n'chakuti msinkhu umasintha magawo. Mtsikana amene amasewera mkwatibwi lero, mawa adzakhala mayi wake wa mkwatibwi, mkuja agogo, ndipo idzafika nthawi imene mawondo adzakana kukwera pasiteji. Ngati chimene munkakonda ndi kuomberedwa m'manja ndi oonerera basi, nthawi imeneyo mudzasowa chokusungani. Koma ngati munaphunzira kusoka zovala za m'sewero, kukumbutsa anzanu mawu kuseri kwa katani, kuyendetsa magetsi, kapena kuphunzitsa ana atsopano kaimidwe, malo anu m'gulu sangathe.

Tsono za gawo laling'onolo, musalipeputse. Munthu wa mawu atatu amaonekera kwambiri akalakwitsa, chifukwa alibe mpata wokonza. Ndipo pa gawo lotere m'pamene mumaphunzira chinthu chovuta kuposa zonse pasiteji, chomwe ndi kumvetsera. Ambiri amangodikira kuti mnzawo amalize kuti iwo alankhule zawo, ndipo oonerera amaona maso awo kuti ali kwina. Inu dzifunseni kuti munthu amene mukusewerayu akuchokera kuti asanalowe, akufuna chiyani kwa amene wamupeza, nanga akatuluka akupita kuti. Lowezani mawu anu pamodzi ndi mawu omaliza a amene amalankhula inu musanayambe. Mawu azichokera pamimba osati pakhosi, kuti wokhala kumbuyo kwenikweni amve popanda inu kukuwa. Wotsogolera sewero aliyense wa maso amaona munthu wochita zimenezi, ngakhale asanene tsiku lomwelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina mu ndemanga zake wakuuzani kuti zisudzo zosalipira n'kutaya nthawi. Mawu amenewo amandiwawa. Konstantin Stanislavski, amene njira zake zophunzitsira ochita zisudzo zikugwiritsidwabe ntchito m'masukulu ambiri padziko, anayambira m'kagulu ka pabanja pawo ku Russia mu 1877. Kwa zaka zambiri ankagwira ntchito pa bizinesi ya makolo ake, zisudzo n'kumachita pambali osalandira kanthu, uku akulemba m'kope zimene waona pa kaseweredwe kake. Ngakhale dzina loti Stanislavski analitenga pofuna kubisira makolo kuti akuchita zisudzo, dzina lake lenileni linali Alekseyev. Gulu lake lotchuka la zisudzo la Moscow Art Theatre anadzaliyambitsa ndi mnzake mu 1898, atapsa kale m'magulu osalipira. Ku Kenya, anthu wamba a m'mudzi wa Kamiriithu, alimi ndi ogwira ntchito m'mafakitale, anamanga okha bwalo la zisudzo nachita sewero m'chilankhulo chawo cha Gikuyu mu 1977. Boma linaletsa sewerolo, ndipo mu 1982 bwalolo linagwetsedwa. Boma silingavutike kugwetsa chinthu chopanda mphamvu. Palinso bungwe la padziko lonse la magulu ngati athuwa, AITA/IATA, limene linakhazikitsidwa mu 1952, ndipo ku Monaco kumachitika chikondwerero cha zisudzo za magulu osalipidwa zaka zinayi zilizonse chiyambire 1957.

Sindikunena kuti inu mudzatchuka. Ambiri a ife sitinatchuke ndipo sitidzatchuka. Chimene ndinapeza ine n'china. Ndinali wamanyazi woti sindikanatha kuyankha funso pagulu, lero ndimaima pamsonkhano uliwonse osanjenjemera. Ndaona anthu oonerera akutsutsana panja sewero litatha pa nkhani imene kunyumba kwawo sangaitchule n'komwe. Ndipo pamene ndinaferedwa, oyamba kufika anali anzanga a m'gulu, ena mwa iwo anthu amene tinakanganapo kwambiri pa nkhani ya magawo.

Koma dziwani zimene zimapha magulu, chifukwa kukhalitsa kwanu kumadaliranso kuti gululo likhalepo. Choyamba ndi ndalama. Ngakhale zikhale zochepa bwanji, za pakhomo ziwerengedwe ndi anthu awiri, zilembedwe, ndipo msungichuma aziwerenga lipoti pamaso pa onse. Gulu likhoza kupirira sewero loipa, koma mphekesera yoti wina wadya ndalama imalibalalitsa mwezi umodzi. Chinanso, chimene anthu sakonda kuchitchula, ndi woyambitsa gulu wokakamira chilichonse: amalemba yekha, amatsogolera yekha, gawo lalikulu n'lakenso. Munthu wotere nthawi zambiri amalikondadi gululo, koma tsiku limene adzadwale kapena kusamuka, palibe wodziwa kumene kuli makiyi. Ife akuluakulu tiyenera kulola achinyamata kutsogolera masewero tikadali pomwepo, ngakhale achite mosiyana ndi mmene tikanachitira. Zimapweteka kuonerera, koma ndimakhala pansi n'kutseka pakamwa mpaka atandifunsa.

Za pakhomo panu musazinyalanyaze. Auzeni a kunyumba masiku a pulakatisi nthawi ikadalipo, muwaitane kudzaonera, ndipo ikafika nyengo ya mwana wakhanda, mayeso kapena matenda, pumani poyera. Uzani gulu kuti sewero lino simukhalamo koma mudzathandiza pakhomo tsiku loonetsa. Amene amasowa mwakachetechete amachita manyazi kubwerera, ndipo ambiri tinawataya motero, osati chifukwa chikondi cha zisudzo chinatha.

Pa pulakatisi ikubwerayi fikani msanga, mupite kwa wotsogolera sewero anthu asanachuluke. Musamufunse chifukwa chake anakupatsani gawo laling'ono. Mufunseni chimene akufuna kuona mwa munthu amene mukusewerayo, ndiponso ntchito ya kuseri imene ikusowa munthu. Mukatero mudzatiuze muno mmene zayendera, ndipo ngati kuloweza mawu kukukuvutani nenani, ndidzakulemberani njira imene timaphunzitsira atsopano.