Njinga ya gravel pa misewu yafumbi ya ku Mangochi: mekaniki akuyankha

Bambo mekaniki, alamu anga ali ku England anditumizira njinga yomwe akuti ndi ya gravel. Handulo yake ndi yopindikira pansi ngati ya mpikisano, koma matayala ndi onenepako. Akuti ankayenda nayo m'mbali mwa ngalande za kumeneko. Kodi ilimba pa msewu wa ku Makanjira, kapena ndingoigulitsa? Ndine wa ku Malindi.

Musaigulitse achimwene, alamu anuwo sanalakwitse. Njinga zimenezi anazipangira misewu yopanda tala, ndipo ifeyo misewu yotereyi ndiyo tili nayo yambiri. Ngalande akunenazo ndi zokumba anthu, zambiri za m'ma 1700 ndi 1800, zodutsamo maboti a malasha ndi katundu wina. Mabotiwo ankakokedwa ndi mahatchi oyenda m'kanjira ka m'mphepete, ndipo tinjira timeneto ndi tomwe lero anthu amapalasamo njinga. Ndi tinjira tosalala, ta timiyala ting'onoting'ono ndi matope, topanda zitunda zodetsa nkhawa.

Ndiye njinga yanuyo matope imawadziwa, miyala imaidziwa. Zomwe sinakumane nazo ndi mchenga wakuya wa kunyanja kuno, minga ya mthethe, ndi dzuwa la mu October. Pa zitatuzi mpamene muyenera kuisamala. Komanso musaiyese njinga ya kabaza. Thumba la chimanga kapena dengu la usipa zisiyireni njinga yakuda ija. Ndipo dziwani fulemu yake kuti ndi ya chiyani: ikakhala ya chitsulo, owotcherera a pamsika angaithandize itathyoka, ya aluminiyamu imafuna makina ena, ya carbon ndiye siwotchereredwa n'komwe.

Tayala lakumbuyo latha. Ndinagula la 28 pa Mangochi boma koma likukana kukhala pa limu, likungokhwepa. Wogulitsa akuti 28 ndi 28 basi. Vuto lili pati?

Wogulitsayo sananame dala, koma 28 alipo awiri. Tayala la njinga yakuda yamabuleki a zitsulo, lolembedwa 28 x 1½, mkati mwake ndi mamilimita 635. Limu ya njinga ya gravel, imene amati 700c, ndi mamilimita 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 okha, koma ndi okwanira kuti tayala lisagwire. Mukalikakamiza n'kupopa, chubu chimatulukira m'mbali n'kuphulika, mwina muli kale pa liwiro.

Mukamagula tayala, siyani manambala akuluakulu aja. Yang'anani m'mbali mwa tayala lakalelo, mupeza timanambala tiwiri tolekanitsidwa ndi kamzere, monga 40-622. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, zonse m'mamilimita. Yachiwiriyo ndiyo isasinthe. Mukapeza 584, ndiye kuti limu yanu ndi yocheperapo, imene amati 650b. Matayala a 26 a njinga zamagiya zomwe zadzaza m'misika yathu ndi 559, amenewo salowa konse. Jambulani manambalawo pa foni musananyamuke.

Yoyamba ija mukhoza kuisintha, ndipo ine ndimalimbikitsa kuti mukwere m'mwamba. Kuno tayala la 32 kapena 35 limamira mumchenga msanga. La 42 kapena 45 limayenda bwino. Kungoti onani mpata pakati pa tayala ndi fulemu, mutsale danga loti pensulo n'kulowa mbali zonse, chifukwa m'dzinja matope akamatirira pamenepo amapala fulemu mpaka kuidya. Matayala a 29 a njinga za m'mapiri nawonso ndi 622, amakhala pa limu bwinobwino, koma ambiri ndi onenepa kwambiri moti sadutsa pa foloko.

Kunena zoona, matayala a njinga ya gravel sapezeka paliponse. Mukawaona ku Blantyre kapena ku Lilongwe, gulani awiri, ndi machubu ake omwe. Chubu chake chimakhala ndi valavu yopyapyala ya Presta, ndipo bowo la pa limu ndi laling'ono, pafupifupi mamilimita 6. Ndaonapo anthu akukulitsa bowolo ndi msomali kuti valavu yonenepa ya galimoto ilowe. Pa limu yopyapyala mukuifooketsa pachabe. Gulani kachitsulo kolumikizira valavu ndi pampu wamba, kamakwana m'thumba la malaya.

Sabata iliyonse ndimamata chubu chifukwa cha minga. Mnzanga akuti ndichotse chubu ndiike tubeless. Zimathandizadi?

Zimathandiza, koma zili ndi mtengo wake. Tubeless ndi tayala lopanda chubu, mkati mumathiridwa madzi oyera ngati mkaka okhala ndi labala. Munga ukaboola, mpweya umakankhira madziwo pabowo, amauma, bowo latsekeka inu mukupalasabe. Pa timinga tating'ono ta m'njira za kumudzi palibe choposa zimenezi.

Koma limu ndi tayala zonse ziyenera kukhala zopangidwira tubeless, zimalembedwa m'mbali. Chachiwiri, madzi aja amauma okha m'kati mwa tayala, ndipo kutentha kwa kuno kumawaumitsa msanga. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu gwedezani gudumu pafupi ndi khutu, mukapanda kumva kukhuvuka ndiye kuti atha. Ngati mulibe kokawagula kodalirika, khalani ndi chubu chanu, musadzivutitse.

Pa kumata kumene, ambiri amalakwa malo amodzi. Amamata chubu n'kubwezera, munga uli chikhalire m'tayala. Musanabwezere, yendetsani kansalu mkati monse mwa tayala. Pomwe kakodwa mpomwe pali munga, uzuleni. Ndipo mukapaka soloshoni dikirani aume kaye, asiye kunyezimira, kenaka ikani chigamba. Onaninso maonekedwe a bowo: likakhala limodzi ndi munga, koma mabowo awiri ogundizana ndiye kuti mpweya unali wochepa, limu inatsina chubu pa mwala.

Ndikafika pamchenga, makamaka njira za ku Nankumba, gudumu lakutsogolo limangopotoka n'kundigwetsa. Ndipope kwambiri?

Ayi achimwene, m'malo mwake phwetsaniko. Tinazolowera kupopa mpaka tayala lilire tikaligogoda, chifukwa njinga zathu zimasenza katundu. Tayala lolimba choncho limacheka mchenga n'kumira, ndipo pa msewu wa mabampu njinga imangodumpha, manja n'kuchita dzanzi. Munthu wa makilogalamu 70 pa tayala la 40 lokhala ndi chubu, mpweya wa 35 mpaka 40 psi pa geji ndi wokwanira, kutsogolo kuchepeko pang'ono. Mukakhala opanda geji, dinani ndi chala chachikulu: lilowe pang'ono, koma mukakwera lisaphwanyike mpaka limu kugunda pansi. Pa kompulesa ya matayala a galimoto samalani, tayala la njinga limadzaza m'kanthawi kochepa.

Kakweredwe nakonso. Sinthani giya ikhale yopepuka musanalowe mumchenga, khalirani kumbuyo kwa chishalo, handulo muigwire momasuka, ndipo musaleke kupalasa. Buleki yakutsogolo musaikhudze. Mchenga ukakula, tsikani mukankhe, si manyazi.

Tcheni ndimathira oyilo wakuda wochoka mu injini ya galimoto. Pali cholakwika?

Chilipo, ndipo chikuonongerani ndalama. Oyilo ameneyu ndi womata, amakoka fumbi ndi mchenga, zonse pamodzi n'kusanduka phala lopera zitsulo. Tcheni cha magiya 10 kapena 11 kumbuyo ndi chopyapyala, sichipirira ngati cha njinga yakuda. Chitsukeni ndi palafini ndi mswachi wakale, chiume, kenaka dontho limodzi la oyilo wopepuka pa mfundo iliyonse. Oyilo wa makina osokera amachita bwino mukasowa weniweni wa tcheni, kungoti amatha msanga. Mukatero pukutani kunja konse ndi sanza. Oyilo ntchito yake ili mkati mwa mfundo, wakunjayo ndi nyambo ya fumbi chabe.

Muziyezanso tcheni ndi lula. Chatsopano, kuchoka pa pini imodzi kufika pa ya 24 kutsogolo ndi mainchesi 12 ndendende, pafupifupi masentimita 30.5. Chikatalika ndi milimita imodzi ndi theka, sinthani. Mukachedwa chimadya mano a magiya akumbuyo, ndipo amenewo ndi odula kuposa tcheni.

Ndiponso, poti tili kunyanja: musamaimike njinga m'madzi pa gombe kapena mu Shire poitsuka. Madzi amalowa m'mahabu n'kukokolola girisi, mchenga n'kutsalira m'mabelingi. Chidebe ndi sanza n'zokwana.

Mabuleki a disc akulira kwambiri ndipo sakugwira. Mwana wanga anathirapo oyilo kuti asiye kulira, koma zangoipiraipira. Ndine mayi wa ku Monkey Bay.

Amayi, oyiloyo ndiye wawapha. Timapadi ta mabuleki tikamwa oyilo sititsukika, musinthe basi. Disc muipukute ndi spirit ndi nsalu yoyera, ndipo musaigwirenso ndi manja amafuta. Padi ikatsala yosakwana milimita imodzi, nayonso yatha.

Ngati mabuleki anu ndi a madzi osati a waya, chenjerani ndi zothiramo. A kampani ya Shimano amafuna mineral oil. Ambiri a kampani ya SRAM a njinga zotere amafuna DOT, yonga ya galimoto. Zimalembedwa pa chogwirira buleki. Mukathira brake fluid ya galimoto mu Shimano, timalabala ta mkati timafufuma, buleki yonse yatayika. Mekaniki akatenga botolo, mufunseni kaye kuti muli chiyani.

Chitunda cha ku Namwera chimandigonjetsa ngakhale pa giya yopepuka. Vuto ndi miyendo yanga kapena njinga?

Mwina zonse, koma tiyambe ndi njinga. Amene ankayenda nayo m'mbali mwa ngalande analibe chifukwa choikira magiya a mapiri. Werengani mano a giya yaing'ono ya kutsogolo ndi a giya yaikulu ya kumbuyo. Kuti mukwere chitunda chimenechi muli chikhalire pa chishalo, akumbuyo afanane ndi akutsogolo kapena apose, monga 30 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, kapena 40 ndi 42. Musanagule magiya aakulu, mekaniki aone ngati chosinthira magiya chanu chingawafike, chifukwa chachifupi sichikwanitsa, ndipo tcheni chidzafunika chotalikirapo.

Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndi mabotolo awiri a madzi. Potsika musakanikize buleki njira yonse, disc imatentha n'kusiya kugwira. Gwirani mwamphamvu musanafike pa kona, siyani, mugwirenso, ndipo manja akhale kunsi kwa handulo komwe zala zimafika bwino pa mabuleki.