Sage si mpiru bambo, musamuthire madzi choncho

Bambo wina waku Dedza wafunsa kuti anabzala sage, chomera cha masamba onunkhira okometsera ndiwo ndi kupangira tiyi, kudimba, amathira madzi mmawa ndi madzulo, anaikanso urea, koma masamba akuchita chikasu, fungo latha ndipo akaanika padenga la malata amasanduka akuda. Akutinso mayi akunyumba ndi oyembekezera ndiye akuwapatsa tiyi wake tsiku lililonse poti anamva kuti amachiza zambiri.

Bambo apa mwalakwitsa zingapo, koma ndiyambe ndi za mayiwo, asiyitseni lero lomwe. Mu sage muli mafuta otchedwa thujone, amene akachuluka mthupi amatha kukomola munthu ngati wakhunyu, ndiye oyembekezera, oyamwitsa ndi odwala khunyu asamamwe ngati mankhwala. Ena amamwa dala kuti mkaka uume posiyitsa mwana bere, ndiye taganizani. Kuika timasamba tiwiri munkhuku palibe vuto, koma kapu tsiku ndi tsiku ayi.

Za chikasuzo sindikufunika kubwera kudzaona, mizu ikuwola basi. Chomerachi kwawo ndi ku Mediterranean, kumiyala, kouma, dzuwa lambiri, inu mwachiika mudambo ngati mpiru. Ine mu 2023 nthawi ya namondwe Freddy sage wanga yense wapansi anawola sabata imodzi, anatsala awiri okha amene anali pabedi lokwera. Chiyambire pamenepo aliyense ndimamuuza zomwezo, bedi lokwera kufika mubondo, mchenga wa kumtsinje kusakaniza ndi manyowa owola bwino pang'ono, ngolo imodzi ya mchenga sikufika ndi theka lomwe la ndalama ya thumba la urea mwatayayo. Ureayo amakuza masamba koma mafuta amachepa, nchifukwa chake fungo lathawa. Thirani madzi pokhapo dothi likauma mukapisa chala.

Fungo mukulisowalo ndiye mankhwalawo. Muli camphor ndi cineole, zomwe zimanunkhira ngati mankhwala opaka pachifuwa aja, cineole yemweyo alinso mu bulugamu. M'masambamo mulinso mankhwala otchedwa rosmarinic acid ndi ma tannin aja amamanga mkamwa, ndi amene amathandiza pakhosi pakamapweteka kapena nkhama zikatupa, mumaviika masamba m'madzi otentha mutavundikira mphindi 10, akazizira nkumachukucha nkulavula. Tiyi wa sage amachepetsanso thukuta ndi kudzimbidwa, koma osapitirira masabata awiri mukumwa, ndipo malungo kapena shuga pitani kuchipatala musadalire tsamba. Ndi pachibale ndi mpungabwi wathu uja timathamangitsira udzudzu, banja limodzi.

Padenga la malata mukuwotcha mafuta onse. Thyolani masamba mmawa mame akauma, asanayambe maluwa, muanike pamphasa pamthunzi podutsa mphepo mpaka tsamba lizithyoka, kenako mubotolo lotseka. Pa zomera zatsalazo dulani nthambi zamoyo zotalika ngati chala muzike pabedi latsopanolo, zowolazo zulani musazimvere chisoni.