Akakufunsani nyama yanu ku China, musakwiye

Achimwene ndi achemwali amene mwangofika kumene kuno, kaya mwabwera ku yunivesite ku Wuhan kapena ku Beijing, kaya mwabwera kudzaoda katundu ku Guangzhou ndi ku Yiwu, pali funso limene mudzalimva mwezi usanathe: "Ni shu shenme?" Akufuna kudziwa nyama ya chaka chimene munabadwa. Adzakufunsani ndi amayi ophika ku kantini, kapena abwana a fakitale akukuthirirani tiyi m'kakapu kakang'ono nkhani ya mitengo isanayambe.

Nyamazo zilipo 12 ndipo zimatsatana motere: khoswe, ng'ombe, nyalugwe wa mizeremizere uja, kalulu, chinjoka, njoka, hatchi, mbuzi, nyani, tambala, galu ndi nkhumba. Zikatha zimayambiranso. Ambiri a inu ophunzira munabadwa pakati pa 2000, chaka cha chinjoka, ndi 2007, chaka cha nkhumba. Koma chenjerani ngati munabadwa mu Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, chifukwa chaka chawo chimayendera mwezi ndipo chimayamba tsiku lina pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Chaka cha hatchi cha 2002 chinayamba pa 12 Febuluwale, choncho wobadwa mu Januwale 2002 ndi njoka, osati hatchi. Yang'anani tsiku lenileni pa foni musanayankhe.

Chimene wofunsayo akufuna nthawi zambiri si khalidwe lanu ayi. Akufuna zaka zanu, koma mwaulemu. Mukati ndinu hatchi, iye amakuyang'anani kumaso, n'kuwerengera mumtima ngati ndi 1990 kapena 2002, basi wadziwa amene ali wamkulu pakati pa awirinu. Kuyambira pamenepo adziwa ngati azikutchulani ge kapena jie, ndiye kuti mkulu wake, komanso amene ayenera kutsitsa kapu yake pogundanitsa makapu pa phwando. Zikufanana ndi kwathu pamene agogo amafunsa mlendo kuti mfunda wake ndani: sakufufuza ngati a Phiri onse ndi aukali, akungofuna kudziwa pomuika.

Ndiye musakwiye mukauzidwa kuti ndinu galu kapena nkhumba. Kwathu mawu amenewa amayambitsa ndewu pa depoti. Kuno galu amayimira kukhulupirika, nkhumba imayimira mwayi ndi kusasowa chakudya, khoswe ndi wochenjera pa ndalama. Abale achisilamu obadwa mu 1995 kapena 2007, zaka za nkhumba, palibe amene akukunyozani. Ndipo inu amene munakulira m'tchalitchi, mukamva za chinjoka maganizo amathamangira ku buku la Chivumbulutso, pamene kwa anthu a kuno ndi chilombo cha mvula, cha mitsinje ndi cha mafumu akale, ndipo chaka chake ndiye chimene makolo amachisirira kwambiri. Ku Hong Kong, ku Taiwan ndi ku Singapore chiwerengero cha ana obadwa chinakwera m'zaka za chinjoka monga 1988, 2000 ndi 2012. Mbuzi ndiye yatsoka: akuluakulu ena amati mwa anthu khumi obadwa chaka cha mbuzi, asanu ndi anayi amakumana ndi mavuto, ndipo alipo mabanja amene amayesetsa kuti mwana asabadwe chaka chimenecho.

Achinyamata a m'kalasi mwanu adzakufunsani china: xingzuo yanu. Izi ndi nyenyezi za azungu zija timaziona m'manyuzipepala, Leo, Virgo, Scorpio ndi zinzake. Zinachokera ku Babulo, Agiriki n'kuzikonza, ndipo zimayendera pamene dzuwa linali tsiku limene munabadwa, choncho zimasintha pafupifupi mwezi uliwonse. Chodabwitsa n'chakuti achinyamata a m'matauni a ku China amazitsata kuposa nyama za makolo awo akafuna kukambirana za khalidwe la munthu kapena za chibwenzi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. M'kalasi imodzi pafupifupi onse ndi a nyama imodzi kapena ziwiri, ndiye nyamayo singasiyanitse wina ndi mnzake. Nyenyezi zimagawa kalasiyo m'magulu 12, miseche n'kupeza poyambira.

Amene akuvutika nazo ndi a Virgo, obadwa kumapeto kwa Ogasiti mpaka cha pa 22 Sepitembala. Pa intaneti ya kuno amanenedwa kuti ndi ovuta, okonda kutola tizifukwa, osakhutira ndi chilichonse. Zinafika poti makampani ena analembapo m'zidziwitso za ntchito kuti sakufuna a Virgo. Ofufuza otsogozedwa ndi Jackson Lu anasindikiza zotsatira zawo mu 2020: tsankho lotere lilipodi posankha antchito ndi zibwenzi, koma atayeza makhalidwe a anthu ochuluka sanapeze kuti a Virgo ndi osiyana ndi ena onse.

Mwa ziwirizi, iti imene imalosera bwino khalidwe la munthu? Ine ndimati palibe. Ya nyama ikutanthauza kuti ana onse obadwa mu 2004, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Harbin kumpoto kwa China, ndi a mtima umodzi. Odziwa za kuno adzakuuzani kuti nyama yokha sikwana, pamafunika bazi, imene imatenga chaka, mwezi, tsiku ndi ola lobadwira, monganso okhulupirira nyenyezi amanenera kuti pamafunika tchati chonse chosonyeza mmene kumwamba kunalili pamene munthu ankabadwa. Koma kuchuluka kwa masamu sikusandutsa chinthu kukhala choona. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson, amene anapempha akatswiri a nyenyezi kuti alumikize matchati ndi makhalidwe a eni ake. Sanapose munthu wongolota. Ndipo kale mu 1948 mphunzitsi wina, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake pepala lofotokoza khalidwe, aliyense akuganiza kuti ndi lakelake, pamene onse analandira mawu amodzimodzi. Ambiri anati lawafotokoza ndendende. Ndani angakane atauzidwa kuti nthawi zina amadzikayikira koma ali ndi luso limene sanaligwiritse ntchito?

Pamene muyenera kutsegula maso ndi pa ndalama ndi pa ukwati. Wogulitsa akakusekererani n'kunena kuti inu nyani ndi iye khoswe mumagwirizana mwachibadwa, sekani naye, koma tsegulani makatoni muwerenge katundu musanamalize kulipira. Mchimwene amene wapeza mkazi wa kuno adziwe kuti nyama zotalikirana zaka zisanu ndi chimodzi, monga khoswe ndi hatchi kapena chinjoka ndi galu, zimanenedwa kuti zimalimbana, ndipo apongozi ena amaitenga nkhaniyi mozama. Kukangana nawo za sayansi sikuthandiza. Kawirikawiri mwana wawo yemweyo ndiye amadziwa mowafewetsera.

Chaka cha nyama yanu chikabweranso amachitcha benmingnian, ndipo amati ndi chaka cha mikwingwirima, osati cha mwayi monga mungaganizire. Mankhwala ake ndi kuvala chofiira. N'chifukwa chake chaka chatsopano chikayandikira mashelefu a m'masitolo amadzaza ndi masokosi, malamba ndi makabudula amkati ofiira psuu. Kwa obadwa mu 1990 ndi 2002 chaka chotere ndi cha hatchi cha 2026, kuyambira pa 17 Febuluwale, ndiye chanu chikafika musadabwe mnzanu wa m'chipinda akakupatsani kachingwe kofiira ka pamkono. Landirani ndi manja awiri, muthokoze. Kuvala kapena kusavala ndi nkhani ya inu ndi chikhulupiriro chanu, ndipo mukakaika m'dirowa palibe adzakufunseni. Chimene ndikukuletsani ndi kutulutsa ndalama ya chakudya kugula zithumwa kwa anthu oima pa zipata za akachisi.