Njoka ya boa ikasanza khoswe, musafulumire kuipatsa wina

Achimwene ena a ku Luchenza anditumizira imelo ali ndi nkhawa. Akuti njoka yawo ya boa anaidyetsa khoswe Loweruka, Lolemba m'mawa anapeza yamusanza ali wathunthu, ali tepetepe, fungo lake losapiririka. Funso lawo ndi lakuti aipatse wina lero lomwe kuti isafooke ndi njala?

Ayi achimwene, chonde musaipatse. Boa imatha milungu yambiri osadya popanda vuto. Choopsa ndi kusanza kachiwiri ndi kachitatu. Ikasanza, asidi wa m'mimba amaiotcha kummero, imataya madzi ambiri m'thupi, ndipo mimba imafuna nthawi kuti iyambenso kugaya bwino. Dikirani masiku 14 athunthu. Tsukani khola, ikani madzi abwino akumwa, ndipo musaigwiregwire. Masikuwo akatha, ipatseni kakhoswe kochepa ndi theka poyerekeza ndi kamene imadya nthawi zonse.

Koma n'chifukwa chiyani yasanza? Poti mwalemba mu June, ine ndikukayikira kuzizira. Boa kwawo n'ku Central ndi South America, ndipo monga njoka zonse, thupi lake silidzipangira kutentha. Kuti igaye chakudya, mbali imodzi ya khola iyenera kukhala pa madigiri 30 mpaka 32 a Celsius, mbali inayo cha m'ma 26, usiku osatsika kupitirira 24. Tsono taganizani za chiperoni chathu chino, nkhungu itakuta minda ya tiyi, phiri la Mulanje osaoneka, kamvula kakuwaza tsiku lonse, mwina magetsi atazimanso usiku. M'nyumba ya simenti mumazizira kwambiri moti mimba ya njoka imangoima. Khoswe uja amayamba kuwola asanagayike, amatupa, ndiye njoka imamutulutsa kuti ipulumuke.

Musayeze kutentha ndi dzanja. Gulani thermometer, muiike pansi pomwe njoka imagona, muziona m'bandakucha, chifukwa ndi nthawi yomwe kumazizira kwambiri. Magetsi akazima, botolo la madzi otentha lokulungidwa m'thawulo limathandiza, bola lisakhudze khungu lake. Mbaula ayi, utsi wa makala ungaiphe. Mukaona kuti kunja kwachita chiperoni ndipo khola silikufunda, kuli bwino kudumphitsa tsiku lodyetsa.

Zina n'zosavuta kukonza. Khoswe asanenepe kuposa malo amene thupi la njokayo ndi lonenepa kwambiri. Ikadya, papite maola osachepera 48 musanainyamule, ngakhale alendo atapempha kuti ajambulitse nayo. Ikamafundula, maso atachita mbuu, isiyeni kaye.

Makoswe ogwidwa m'nkhokwe kapena mbewa zokumba kumunda musaipatse. Amakhala ndi nyongolotsi, ndipo ena amakhala atadya mankhwala ophera makoswe. Ndikudziwa kuti kuweta makoswe anuanu ndi ntchito, komabe ndi njira yodalirika yodziwira chomwe njoka yanu ikumeza.

Ikasanzanso zonsezi mutakonza, musayeserenso panokha. Pali tizilombo totchedwa Cryptosporidium totupitsa mimba, komanso matenda oyamba ndi kavairasi otchedwa IBD (inclusion body disease) omwe amagwira kwambiri boa ndi nsato, ndipo alibe mankhwala ochiza. Mukaona ikuwonda, ikugwedeza mutu, ikuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, kapena ikulephera kudzitembenuza mukaigoneka chagada, ipatuleni kwa njoka zina msanga. Pitani nayo kwa dokotala wa ziweto ku Blantyre, mutayamba mwaimba foni kufunsa ngati amaona njoka. Mutengenso chimbudzi chake chatsopano ndi masanziwo m'pepala lapulasitiki lomanga bwino kuti akapime.