Mukufuna kukathandiza akamba a m'nyanja pa tchuthi cha Disembala? Yankho langa ndi ili

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito yolandira alendo pa hotela ina ku Durban. Akuti anaona pa Facebook chilengezo choitana anthu kuti akagwire ntchito mongodzipereka yoteteza akamba a m'nyanja amene amaikira mazira pagombe, koma ndalama imene akufuna ndi yambiri. Funso lawo ndi lakuti: kodi ntchitoyi ndi yeniyeni kapena ndi njira yongodyera anthu ndalama, ndipo munthu wamba wosaphunzira za sayansi angathandizepo chiyani?

Achemwali, zikomo polemba. Ntchitoyo ndi yeniyeni, ndipo muli pafupi nayo kuposa mmene mukuganizira. Mukayenda maola angapo kumpoto kwa Durban, kudutsa Sodwana Bay mpaka ku Kosi Bay kumalire ndi Mozambique, mufika pa gombe limene akamba amitundu iwiri, loggerhead ndi leatherback, amabwera kudzaikira chaka ndi chaka. Dera limeneli lili mu iSimangaliso Wetland Park, imene bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations, linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1999. Kuwerenga akamba pa gombe limeneli kunayamba mu 1963, ndipo sikunalekezeke mpaka lero. Ndi kafukufuku mmodzi mwa akale kwambiri wa mtundu wake padziko lapansi. Katswiri amene dzina lake limamveka kwambiri pa nkhaniyi ndi George Hughes, ndipo masiku ano ntchitoyi ili m'manja mwa Ezemvelo KZN Wildlife, bungwe la boma loteteza zachilengedwe m'chigawocho, pamodzi ndi anthu a m'midzi ya m'deralo.

Koma ndikufuna mudziwiretu chimene mukakumane nacho, chifukwa zithunzi za pa intaneti zimanamiza. Zimaonetsa munthu akumwetulira atanyamula kamwana ka kamba m'manja dzuwa likulowa. Ntchito yeniyeni siyotero ayi. Ndi kuyenda usiku, makilomita ambiri, pa mchenga wotitimira, nthawi zina mvula ikukuwazani, tochi ili yozimitsa. Mumayang'ana mapazi. Kamba wamkazi akatuluka m'madzi amasiya njira yooneka ngati padutsa tayala la thirakitala, kuchokera pamene mafunde akuthera kukwera kumtunda. Mukaiona njirayo mumaima, mumakhala pansi chapatali, n'kudikira. Iye amayamba wakankha mchenga ndi zipsepse zakutsogolo kuti apeze pokhala, kenako amakumba dzenje ndi zipsepse zakumbuyo, chimodzi chikatapa china chikudikira, mosamala kwambiri ngakhale sakuona chimene akuchita. Nthawi imeneyi ndi yoopsa: phokoso pang'ono, kuwala kwa foni, munthu kudutsa kutsogolo kwake, amasiya zonse n'kubwerera m'madzi. Akayamba kugwetsa mazira m'pamene amadekha, ndipo m'pamene anthu ophunzitsidwa amayandikira chakumbuyo ndi tochi yofiira, kuyeza chigoba, kuwerenga nambala ya kachitsulo kamene kali pa chipsepse kapena kumuika katsopano, n'kulemba m'buku. Mazira amakhala pafupifupi 100 pa dzenje limodzi, ozungulira, a khungu lofewa. Akamaliza amakwirira, amamwaza mchenga uku ndi uku kuti pasadziwike, ndipo amabwerera. Sadzawaonanso anawo.

Inu monga wongodzipereka watsopano, gawo lanu pa zonsezi ndi laling'ono: kunyamula buku, kulemba, kukhala chete, ndi kuletsa ena kuti asasokoneze. Ku South Africa akamba amenewa ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo kuwagwira kapena kukumba mazira awo kumafuna chilolezo cha boma. Ndiye wina akakulonjezani kuti mukalipira mukagwira akamba mmene mungafunire, dziwani kuti pamenepo pali vuto.

Mwina mukudabwa kuti chisamaliro chonsechi n'chachiyani pamene kamba mmodzi amaikira mazira ochuluka chotere, komanso amabwerako kangapo m'nyengo imodzi. Mazirawo amakhala m'mchenga pafupifupi miyezi iwiri. Ena amafukulidwa ndi nyama monga chiuli ndi agalu, ena amakokoloka ndi mafunde. Tiana tikaswa timatuluka usiku tonse pamodzi, ndipo paulendo waufupi wopita kumadzi nkhanu ndi mbalame zimakhala zikudikira. M'madzimo muli nsomba. Akatswiri amayerekeza kuti mwa tiana 1,000, kamodzi kokha kapena tiwiri ndi timene timafika pokula. Ndipo kukulako sikwachangu: kafukufuku wa pa gombe lomweli, amene ankaika kachizindikiro pa zigoba za tiana n'kudikira kuti tidzabwerere, anasonyeza kuti loggerhead amatha zaka zoposa 30 asanayambe kuikira. Kamba amene mudzamuone akukwawa pa gombe la Bhanga Nek, kufupi ndi Kosi Bay, mwina ndi msinkhu wanu. Akafa pa ukonde kapena pa mbedza, zaka zonsezo zapita. Loggerhead achuluka ndithu chiyambire chitetezo mu 1963, ndipo zimenezi zimandisangalatsa kwambiri, koma leatherback sanachuluke chimodzimodzi, akadali ochepa. Awa ndi akuluakulu aja, olemera makilogalamu mazana angapo, amene amadya jellyfish, zamoyo zofewa zoyandama m'nyanja, ndipo kawirikawiri amameza majumbo oyandama poganiza kuti ndi chakudya.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kuti ndikuyankheni motalika. Mwati simunaphunzire za sayansi. Koma mwati mumagwira ntchito yolandira alendo, ndipo pa magombe a alendo vuto lalikulu ndi anthu, osati kusowa kwa akatswiri. Tiana ta kamba tikatuluka m'mchenga timalondola kumene kukuwala kwambiri. Pa gombe lamdima, kumeneko ndi kunyanja, kumene madzi amanyezimira ndi nyenyezi. Koma pakakhala babu la pakhonde la loji, magetsi a bala, nyali za galimoto kapena moto wa anthu owotcha nyama, tianato timatembenuka n'kulowera kumtunda. Kukacha mumatipeza titafa m'tchire kapena mumsewu, titauma ndi dzuwa. Nyengo yoikira, kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale, ndi yoswa, kuyambira Januwale mpaka Malichi, zimakumana ndi tchuthi cha Khirisimasi ndi cha kumayambiriro kwa chaka pamene magombe amadzaza. Ndani angapite kwa bambo amene walipira ndalama zake zambiri, wamwako pang'ono, n'kumuuza kuti azimitse tochi koma iye osakwiya? Ndani angakhale pansi ndi manijala wa loji n'kumufotokozera kuti kuphimba mababu oyang'ana kunyanja, kapena kutseka makatani usiku, sikumuthawitsira makasitomala? Limenelo ndi luso lanu la tsiku ndi tsiku, achemwali, ndipo musalipeputse.

Ku Greece anaphunzira zimenezi kalekale. Pa chilumba cha Zakynthos, gombe la Laganas ndi lodzaza mahotela ndi mabala, koma ndi malonso ofunika kwambiri oikira loggerhead m'nyanja ya Mediterranean. Bungwe la ARCHELON, limene linayamba mu 1983, limalandira ongodzipereka ochokera m'maiko ambiri, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yawo ndi kulankhula ndi alendo: musabaye ambulera pamene pali dzenje la mazira, chotsani mipando usiku, musakumbe maenje n'kuwasiya. Paki yoteteza nyanja ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 1999. Ku South Africa nako, kuyendetsa galimoto pagombe mwachisawawa kunaletsedwa mu 2001, ndipo zimenezi zimathandiza akamba chifukwa matayala amapsinja mazira ndipo mizere imene amasiya imakola tiana, timangoyenda m'menemo osapeza potulukira.

Za ndalama zija. Kulipira pakokha si umboni wa chinyengo. Mabungwe ambiri oona amapempha ndalama ya chakudya ndi malo ogona, chifukwa alibe poitenga. Chimene muyenera kufunsa ndi chakuti ndalamayo ikupita kuti, ndipo afunseni mosachita manyazi. Afunseninso ngati ali ndi chilolezo chochokera kwa oyang'anira paki, ndi kumene amatumiza zimene alemba m'mabuku awo. Ngati mayankho akuzungulira, asiyeni. Funso limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse ndi ili: kodi anthu a m'mudzi wa pomwepo alembedwa ntchito? Ku Maputaland, dera lomwe lija la kumpoto kwa Durban, anthu ankadya mazira a akamba kale, ndipo chimene chinasintha zinthu si mpanda kapena mfuti chabe, koma kuti ana a m'midzi yomweyo anayamba kulandira malipiro monga olondera gombe ndi operekeza alendo. Ku Watamu, ku Kenya, ntchito imene inayamba mu 1997 ndi dzina la Watamu Turtle Watch imapereka kangachepe kwa msodzi amene wakola kamba mwangozi n'kumubweretsa wamoyo m'malo momupha. Pulogalamu imene imabweretsa alendo olipira kuti achite ntchito imene mnyamata wa pamudzipo akanalipidwa nayo, sindingakulimbikitseni kuilowa, ngakhale zithunzi zake zikongole bwanji.

Palinso ina imene muyenera kuisamala. Ena amafukula mazira onse n'kukawaika pa malo otchinga kuti alendo azidzaona tiana tikumasulidwa masana. Kusamutsa mazira kumachitika pokhapokha dzenje lili pangozi, ndipo amachita ndi odziwa, chifukwa dzira likagwedezeka patapita maola angapo mwana amafera momwemo. Komanso kutentha kwa mchenga ndi kumene kumasankha ngati mwana adzakhale wamwamuna kapena wamkazi: kukapitirira madigiri pafupifupi 29 aakazi amachuluka, kukatsika aamuna amachuluka. Munthu wa mtima wabwino koma wosadziwa akhoza kuwononga zambiri.

Ngati tchuthi chanu ndi cha masabata awiri okha, mabungwe ena sangakulandireni, poti amafuna munthu akhale mwezi kapena kuposerapo kuti maphunziro amene amupatsa asapite pachabe. Musakhumudwe. Yambani ndi ulendo wa usiku umodzi ndi operekeza ovomerezeka ku Sodwana, St Lucia kapena Kosi Bay, makamaka oyenda pansi amene ndi anthu a m'mudzi, kuti ndalama yanu itsale komweko. Mukaona nokha, muyankhule ndi olonderawo, muwafunse mmene munthu amalowera. Kutsidya kwa malire, ku Ponta do Ouro m'dziko la Mozambique, akamba ndi omwewo, ndipo alendo achuluka chitsegulire mlatho wa Maputo–Katembe ndi msewu wa tala mu 2018. Musanawoloke kapena kuvomera ntchito iliyonse, onetsetsani kuti mapepala anu okhalira m'dzikomo akukulolani.

Ndipo mu Durban momwemo muli poyambira. Tiana tambiri tochokera kumpotoko timatengedwa ndi madzi othamanga a m'nyanja otchedwa Agulhas kupita kummwera, ndipo tofooka timatayidwa pagombe, makamaka cha ku Cape kumene madzi ndi ozizira. Ku Cape Town amatilandira ku Two Oceans Aquarium, malo osungira zamoyo za m'nyanja, ndipo kwanuko ndi ku uShaka Marine World. Mukapeza kamba wotere musamubwezere m'nyanja, pakuti watha mphamvu ndipo akhoza kumira. Muikeni m'kabokosi kouma kolowa mpweya, pa kansalu kofewa, pamthunzi, osamupatsa chakudya kapena madzi, kenako imbani foni ku uShaka. Nambala yawo muilembe pa desiki yanu yolandirira alendo, ndipo muwauzenso anzanu amene amasesa kugombe m'mamawa, chifukwa iwo ndi amene amayamba kuona zimene nyanja yalavula usiku.