Pa njinga ziwirizo, achimwene, tengani Yamaha

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwapeza njinga zamoto ziwiri zakale za trials, Yamaha TY175 ya m'ma 1970 ndi Gas Gas ya 2003, ndipo mukufuna yoti muzikwerera miyala kuphiri la Zomba Loweruka, mwinanso kupitira kuntchito kuchokera ku Chinamwali. Ine ndikuti tengani Yamahayo, pokhapokha ikalephera zoyesa zimene nditchule apa.

Zopitira kuntchitozo muzichotse kaye m'mutu. Njinga ya trials anaipanga kuti iziyenda pang'onopang'ono pamiyala, wokwera ali chiimire. Gas Gasyo ilibe n'komwe mpando, thanki yake ndi ya malita atatu basi, ndipo magiya oyambirira ndi aafupi moti pa tala injini imangolira, liwiro palibe. TY175 kampando ili nako, koma ndi kongopumirapo. Yakuntchito mukafune Yamaha DT kapena AG200.

Sindikunyoza Gas Gas. Ndi yopepuka ndipo pamwala imalumpha kuposa Yamahayo. Koma injini yake imazizira ndi madzi, ili ndi radiator ndi kafani, kilatchi ndi mabuleki zimayendera mafuta. Kakangothyoka kamodzi, mudzayamba kufunsa amene akuchokera ku Johannesburg, njinga ili gone pakhonde. TY175 imazizira ndi mphepo, kilatchi ndi ya waya, mabuleki ndi a dilamu. Injini yake, ya 171cc, ndi pachibale ndi ya DT175, ndipo ma DT amakaniko athu anawazolowera chifukwa cha alangizi ndi a zaumoyo amene akhala akuyendera njinga zimenezi. Si sipeya iliyonse imalowana ayi, choncho popita kukagula ku Limbe muzinyamula yakaleyo kuti mukafananize.

Tsiku lokaona, muuzeni mwiniwake asailize musanafike. Ikani dzanja pa injini. Ngati ikutentha, bwereraninso mawa, chifukwa injini yotopa imadzuka msanga ikafunda. Ilizeni nokha ndi kiki ndipo mumvetsere. Ikamakwera yokha mawu musanagwire mafuta, pali sili (kalabala kotseka mipata m'injini) imene ikulowetsa mpweya. Ikamatulutsa utsi woyera wochuluka umene sukutha ngakhale yatentha, ikumwa oyilo wa giyabokosi. Ine njinga yanga yoyamba ndinagula ili yofunda kale, ndinangokondwa ndi penti. Patangotha sabata ziwiri tinaphwasula injini yonse, ndalama zimene ndinati ndapulumutsa pamtengo zinathera pamenepo.

Kenako gwadani pansi. Njingazi zimamenya miyala ndi mimba, ndiye yang'anani felemu pansi pa injini, popondera mapazi ndi pakhosi pa chiwongolero. Powotcherera mwaukhondo sipoopsa, koma mng'alu wobisidwa ndi penti yatsopano ndi chifukwa chokwanira kuisiya. Gogodani masipoko ndi sipanala, olimba amalira bwino. Gwedezani mawilo kuti mumve maberingi. Manambala a pa injini ndi pa felemu agwirizane ndi a pamapepala, ndipo ngati inachokera kunja pakhale umboni woti msonkho wa MRA unalipidwa.

Funso limodzi musaliiwale: kodi pampu ya oyilo ikadalipo? TY175 inabwera ndi pampu yosakaniza yokha oyilo ndi petulo, koma eni ake ambiri anaichotsa. Mukathira petulo yekha poganiza kuti pampu ilipo, injini igwira musanafike ndi ku Ku Chawe komwe. Ngati palibe, ine ndimathira mamililita 125 a oyilo wa 2T m'malita 5 a petulo, ndimakhutchumula m'chigubu ndisanathire m'thanki.

Kumbukiraninso kuti petulo wa ku Malawi kuno amasakaniza ndi ethanol, kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amadya mapaipi akale a labala. Sinthani paipi ya petulo tsiku loyamba, ndipo njinga ikakhala sabata zingapo osayenda, tsekani petulo, muisiye ilire mpaka kabuleta iume. Sefa ya mpweya muzichapa pafupipafupi m'nyengo ya fumbi, muipake oyilo pang'ono.

Matayala ndiwo adzakudyereni ndalama. Kutsogolo ndi 2.75-21, kumbuyo 4.00-18, ndipo enieni a trials ndi ofewa, sapezeka wamba. Mpweya umakhala wochepa, cha m'ma 5 psi kumbuyo, kuti tayala likumbatire mwala. Pa mpweya wotere pamafunika chitsulo chomangira tayala ku limu, apo ayi tchubu imang'ambika pa valavu.

Phirilo ndi nkhalango yotetezedwa, ndiye yambani mwafunsa a Forestry malo ololedwa. Tinjira topita ku Chingwe's Hole ndi Queen's View mumadutsa amayi osenza nkhuni ndi alendo oyenda pansi. Mwezi wa Okutobala udzu umauma gwa, musagoneke njinga yotentha pansi pa mapaini. Madzi a Mulunguzi ndi amene tikumwa m'tauni muno, musakatsukireko.

Ngati mwatsimikiza, ndiuzeni tsiku. Loweruka m'mawa ndimakhala womasuka, tikhoza kupita limodzi, injini tikaipeze isanalire.