Rauta ziwiri zosaonana: musaresete, ikani static route

Achimwene, mwati rauta yaikulu ili muofesi pa 192.168.1.1, ina ili kuseri kosungira katundu pa 192.168.2.1, ndipo makompyuta a muofesi sakuiona printa ndi makamera a kuseriko. Funso lanu lina la kampani ya intaneti yotchipa ayankhe ena, ine ndikamba za rauta basi.

Amene akuti "ingoresetani" musawamvere, palibe chawonongeka apa. Rauta yaikuluyo sidziwa kuti ku 192.168.2.0, netiweki ya kuseriko, amadzera kuti, ndiye chilichonse chopita kumeneko imangochiponya ku intaneti n'kukasowera komweko. Ikufunika kuuzidwa njira, ndipo njira yolemba nokhayo ndiyo static route.

Yambani ndi rauta yakuseri. Doko lake la WAN, lomwe waya wochokera muofesi walowapo, lipatseni nambala yokhazikika, tinene 192.168.1.2, ndipo ikhale kunja kwa manambala omwe DHCP (mbali ya rauta yaikulu yopatsa zipangizo manambala yokha) imagawa. Ambiri amadumpha pamenepa. Magetsi akazima n'kuyaka, rauta imalandira nambala ina, njira ija yafa, munthu n'kumadabwa kuti dzulo zimayenda bwinobwino.

Kenako pa rauta yaikulu lembani Destination 192.168.2.0, Subnet Mask 255.255.255.0, Gateway 192.168.1.2. Chonde pa Gateway musalembe 192.168.2.1. Pamafunika nambala yomwe rauta yaikulu ikuifikira yokha, ya m'banja la 192.168.1. Pa rauta zambiri za TP-Link mupeza pa Advanced, malo olembedwa Routing kapena Static Routing. Pa rauta za MikroTik ndi IP kenako Routes, mulembe 192.168.2.0/24.

Koma ndikuuzeni zoona: ngati yakuseriyo ndi timarauta ta m'nyumba totchipa tija, mukhoza kulemba zonse molondola osaphula kanthu, chifukwa NAT (yomwe imabisa zipangizo zonse kuseri kwa nambala imodzi) ndi firewall (chitetezo) yake zimakaniza chilichonse cholowera ku WAN, ndipo tambiri sitilola kuzimitsa NAT. Zikatero musadzivute. Iikeni pa Access Point mode, izingowonjezera netiweki ya muofesi, zonse zikhale pa netiweki imodzi, static route osafunikanso. Mukafunadi netiweki ziwiri zosiyana, gulani rauta ya MikroTik hEX. Kunja imakhala madola 60 kapena kuposerapo pang'ono, kuno kwathu akaika za msonkho ndi mayendedwe imakwererapo ndithu. Ilibe WiFi, dziwiranitu.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: mzere wa 0.0.0.0/0 musaukhudze, makamaka muli kutali ndi rauta. Umenewo ndiye njira yotulukira ku intaneti. Ine ndinausintha tsiku lina ndili ku Lilongwe, ndikukonza rauta ya malo ena ogona alendo ku Mangochi. Nditangodina Apply, zii. Ine osaifikiranso rauta, alendo opanda intaneti, kamakina kolipirira ndi khadi nako kanaima, linali Lachisanu madzulo. Mnyamata wa pamalopo sakanatha kukonza ngakhale ndimamulondolera pafoni. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ndi ndalama za m'thumba mwanga kukakonza chinthu cha mphindi ziwiri. Chimandipweteka mpaka lero si ndalamazo ayi, koma kuti mayi wa malowo anandikhulupirira, ine n'kuwaluzitsa makasitomala. Kuchokera pamenepo sindisintha kanthu pa MikroTik ndisanadine Safe Mode mu Winbox, pulogalamu yokonzera MikroTik, chifukwa kulumikizana kukaduka imabweza yokha zomwe mwasintha. Ndipo sungani backup musanayambe, pa rauta ya mtundu uliwonse.

Poyesa, lembani tracert (lamulo loonetsa njira yomwe uthenga wadzera) ndi nambala ya printa pa kompyuta ya muofesi. Mukaona yadutsa pa 192.168.1.2, njira ili bwino, vuto lili kutsogolo. Musayese potumiza ping (uthenga woyesera ngati chipangizo chikuyankha) ku kompyuta ya Windows ya kuseriko, nthawi zambiri firewall yake siyankha, mungaganize kuti mwalakwitsa pomwe simunalakwe. Onaninso kuti mu printa ndi m'bokosi lojambulira makamera mwalembedwa Gateway 192.168.2.1, apo ayi uthenga uzifika koma yankho osabwerera. Printayo siidzaonekera yokha pa mndandanda ngati kale, muiwonjezere polemba nambala yake.

Zikakanikabe, jambulani tsamba la Routes mutumize pano, koma bisani pasiwedi, ndionapo madzulo ndikaweruka.